Akavalo Adapita, Maina Adatsala

Kwathu ku Ntcheu tidakula tikudziwa ng'ombe, mbuzi ndi abulu okoka ngolo. Kavalo ndinkangomumva m'tchalitchi, abusa akamawerenga za magaleta a Farao amene adamira m'Nyanja Yofiira. Sindidalotepo kuti tsiku lina ndidzakhala pansi n'kulemba za asilikali okwera pa akavalo a dziko la Britain, anthu amene ndilibe nawo ubale ngakhale wapatali. Koma paja chakudza sichiimba ng'oma. Nkhaniyi idandipeza ndili ndi beseni la madzi ofunda m'manja, m'chipinda cha nkhalamba ina mumzinda wa Nottingham.

Ndidafika ku England m'chaka cha 2022 nditasiya choko ndi bolodi, n'kuyamba ntchito yosamalira okalamba. Mwa anthu amene ndidapatsidwa mudali bambo ena a zaka 88, aatali, owongoka msana ngakhale ankayenda pa njinga yochita kukankha. Dzina lawo ndilisunga. Ine ndinkawatchula kuti Agogo, iwo n'kumanditcha bakha, poti kumeneko munthu akakukonda amakuitana motero. Agogowa adali ndi matenda oiwala amene amadza ndi ukalamba. Mwana wawo wamkazi akabwera ankamufunsa mwaulemu kuti ndi ndani. Koma nambala yawo ya usilikali ankaitchula osaphonya, ndipo pambali pa bedi pankakhala kachipewa kodera kokhala ndi baji imene inkandiopsa: chigaza cha munthu ndi mafupa awiri opingasa.

Kwathu chizindikiro chimenecho timachiona pa mabotolo a mankhwala ophera tizilombo ndi pa mapolo a magetsi. Choncho kwa sabata zingapo ndinkapukuta patebulopo molambalala. Tsiku lina Agogo adakana kusamba, adakana kudya, adangoti ndwii kuyang'ana khoma. Nzeru zitandithera ndidaloza chipewacho n'kufunsa kuti, "Kodi Agogo, chigazachi n'chayani?"

Nkhope yawo idawala ngati wina watsegula zenera. Adandiuza kuti bajiyo ndi ya gulu lawo lankhondo, lomwe Angerezi amati rejimenti, lotchedwa 17th/21st Lancers. Adati gulu la 17 lidakhazikitsidwa mu 1759 ndi John Hale, yemwe adasankha chigazacho pokumbukira mtsogoleri wake, James Wolfe, amene adafera pankhondo ku Quebec chaka chomwecho. Chigaza chikuimira imfa, ndipo mawu awiri ali pansi pake akunena za ulemerero. Tanthauzo lake ndi loti msilikali wa gululo ali ndi njira ziwiri zokha, kufa kapena kutchuka. Akulankhula choncho, ine ndidawavula malaya, ndidawasambitsa, ndipo phala lidatha m'mbale. Kuyambira tsiku limenelo mbiri ya asilikali a pa akavalo idasanduka chida changa cha ntchito. Madzulo ndinkawerenga mabuku a ku laibulale kuti m'mawa ndikakhale ndi funso latsopano.

Ndidaphunzira kuti magulu amenewa ali ndi mitundu ngati mafuko. Akuluakulu pa onse ndi a Life Guards, amene adayamba ngati olondera Mfumu Charles II ndipo adabwera nayo pamene idabwerera pampando mu 1660. Alipo a Dragoons, amene poyamba adali asilikali omenya nkhondo ali pansi, kavalo n'kungowafikitsa msanga pamalo. Alipo a Hussars, amene dzina ndi zovala zawo zonyezimira zidachokera ku Hungary. Ndiye pali a Lancers, anthu a mikondo yaitali, amene Angerezi adatengera kwa asilikali a ku Poland. Mikondoyo adaiphunzira mowawa. Pa nkhondo ya ku Waterloo pa 18 Juni 1815, gulu la Scots Greys, la akavalo otuwa okhaokha, lidathamangira adani ndipo Sajeni Charles Ewart adalanda chiwombankhanga chimene chidali chizindikiro cha gulu lina la Napoleon. Koma chifukwa chotengeka adapitirira muyeso, akavalo adatopa, ndipo asilikali a mikondo a ku France adawapeza atamwazikana n'kuwabaya ambiri. Chaka chotsatira, mu 1816, Angerezi adayamba kusandutsa magulu awo ena kukhala a mikondo. Patangopita zaka zochepa gulu la 17 nalo lidalandira mikondo.

Chinanso chimene ndidazindikira n'choti kavalo adali chuma, ndipo usilikali wa pa kavalo udali wa ana a anthu olemera. Mpaka chaka cha 1871, maudindo a utsogoleri m'magulu amenewa ankachita kugula ndi ndalama monga momwe munthu amagulira munda. Wopanda nzeru koma wathumba lolemera ankatha kulamulira anthu mazanamazana. Zotsatira zake Agogo ankazifotokoza ndi masupuni.

Nkhani imene ankaikonda koposa idali ya ku Balaclava, ku Crimea, pa 25 Okutobala 1854. Ankandiuza kuti ndiike kabotolo ka mchere kumapeto kwa tebulo, ameneyo ndi mizinga ya asilikali a Russia. Mafoloko kumanja ndi kumanzere, imeneyonso mizinga ili pa zitunda. Pakati pankatsala chigwa, ndipo masupuni asanu ankaimira magulu asanu a Light Brigade, gulu la 17 lili pamzere wakutsogolo. Mkulu wa nkhondo yonse, Lord Raglan, adali pamwamba pa phiri ndipo adaona adani akufuna kukoka mizinga imene adalanda m'mawa. Adatumiza kakalata kolamula kuti apakavalo akaletse zimenezo. Koma Lord Lucan, amene adalandira kalatayo ali m'chigwa, sankaiona mizinga imene Raglan ankanena. Wobweretsa kalata, Kaputeni Nolan, adangoloza ndi dzanja mwaukali. Lucan adalamula Lord Cardigan kuti atsogolere anthu ake. Awiriwa adali munthu ndi mlamu wake koma ankadana kwambiri moti sadathe kukhala pansi n'kufunsana bwino kuti kodi lamuloli likutanthauzanji.

Motero anthu pafupifupi 670 adalowa m'chigwa chotalika makilomita awiri, moto ukuchokera kutsogolo ndi mbali zonse ziwiri. Nolan adali mmodzi mwa oyamba kufa. Oposa 100 adaphedwa, ena ambiri adavulala kapena kugwidwa, ndipo akavalo mazana adatsala m'chigwamo. Cardigan adatuluka wamoyo. Agogo akafika apa ankakankha masupuni ndi chikhatho mpaka ena kugwa pansi, ine n'kumatola.

Ndidawafunsa tsiku lina kuti, "Nanga Agogo, mumanyadiranji tsiku limene akuluakulu adalakwitsa n'kuphetsa anthu?" Adandiyang'ana modabwa. Adati iwo sanyadira Lucan kapena Cardigan, amanyadira anyamata amene ankatseka mipata anzawo akagwa, mzere osasweka. M'mawa wa tsiku lomwelo gulu lina, la Heavy Brigade, lidathamangitsa apakavalo a Russia ochuluka kuposa iwo, koma ndi ochepa amene amalikumbukira. Chimene chidatchuka ndi tsoka lija, makamaka Alfred Tennyson atalilembera ndakatulo chaka chomwecho. Gulu la Agogo linkachita mwambo wokumbukira Balaclava chaka chilichonse.

Patapita miyezi ndidafunsa funso limene ndinkaliona ngati losavuta. "Agogo, kavalo wanu dzina lake adali ndani?" Adaseka mpaka kutsokomola. "Bakha iwe, ine kavalo sindidakwerepo chibadwire. Ndinkayendetsa kasinja ku Germany." Adalowa usilikali m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene anyamata ambiri a ku Britain ankakakamizidwa kukatumikira. Kwawo kudali kwa anthu a m'migodi ya malasha. Pamene ankavala chipewacho, akavalo adali atachoka kalekale.

Chidawachotsa ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu Ogasiti 1914 apakavalo ndiwo adayamba kukumana ndi Ajeremani pafupi ndi Mons ku Belgium, koma posakhalitsa nkhondo idalowa m'ngalande, ndipo kavalo sangalimbane ndi waya waminga ndi mfuti ya chiwaya. Okwera ambiri adatsika n'kulowa m'matope ngati anzawo onse. Akavalo ndi nyulu zambiri zidathera pa ntchito yokoka mizinga ndi katundu, ndipo Britain idataya zoposa 480,000. Mu 1916 akasinja oyamba adaonekera pankhondo. Nkhondo itatha boma lidafuna kuchepetsa ndalama, choncho mu 1922 lidaphatikiza magulu awiriawiri, ndipo apa m'pamene 17 ndi 21 adakhala gulu limodzi. Mu 1927 mkondo udaleka kuwerengedwa ngati chida chankhondo. Mu 1938 gulu la Agogo lidasiya akavalo n'kutenga akasinja, ndipo a Scots Greys adatsanzikana ndi akavalo awo otuwa mu 1941. Kuphatikizana sikudathere pomwepo. Mu 1993 gululo lidalowa mu Queen's Royal Lancers, ndipo mu 2015 lidalowanso mu Royal Lancers.

Chodabwitsa n'choti pa kusintha konseku maina sadafe. Mnyamata woyendetsa galimoto yachitsulo amatchedwabe wa mikondo, ndipo chigaza chija chikadali pa chipewa chake. Ukwati wa magulu awiri ukamachitika, akuluakulu amakambirana kuti baji ikhala ya ndani, nyimbo ikhala ya ndani, tsiku lokumbukira likhala liti, kuti pasakhale mbali imene makolo ake atayidwe. Ndidayamba kuona kuti ntchito yaikulu ya rejimenti, kupatula kumenya nkhondo, ndi kukumbukira. Imatenga mwana wa m'migodi amene sadagwirepo chingwe cha kavalo, n'kumupatsa makolo a 1759, ndipo makolowo amakhazikika mpaka kutsala m'mutu ngakhale dzina la mwana wake weniweni litafufutika.

Mu 2023 mwana wawo adapempha kuti ndiwaperekeze ku Thoresby, kumpoto kwa Nottingham, kumene kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale za magulu a mikondo. Agogo adavala jekete ndi tayi. Ndidaona mikondo yeniyeni, yaitali kuposa munthu ndi theka, ili ndi timbendera tofiira ndi toyera kunsonga. Ndidaona malupanga, malipenga, mamendulo ndi mndandanda wa nkhondo zimene gululo limanyadira. Ndikuwerenga mndandandawo maso anga adaima pa mzere wina: South Africa 1879.

Chakacho ndinkachidziwa, poti ndidachiphunzitsapo m'kalasi. Pa 4 Julayi 1879, ku Ulundi, asilikali a Britain adaima mozungulira mbali zinayi n'kuthira moto wa mizinga ndi mfuti pa ankhondo a Mfumu Cetshwayo. Azulu atayamba kubwerera, mzere udatseguka ndipo a 17th Lancers adatuluka pa akavalo kukabaya anthu othawa. Tsiku lomwelo mudzi wa mfumu udatenthedwa. Ine ndine Mngoni wa kwa Gomani. Makolo athu adachokera kummwera komweko, ndipo chishango chachikopa chimene amalume amavina nacho ngoma n'chofanana ndi zimene zidatsala mbwee m'tchire la Ulundi. Chapafupi padalinso za gulu la 21 ku Omdurman, m'dziko la Sudan, pa 2 Seputembala 1898, pamene Winston Churchill, akadali mnyamata, adathamanga nawo. Apakavalo 21 adafa ndipo nkhani yawo imasimbidwa mwatsatanetsatane. Anthu a ku Sudan amene adafa tsiku limenelo adali pafupifupi 10,000, ambiri ophedwa ndi mizinga ndi ziwaya asadayandikire n'komwe.

Ndidakankha njinga ija ndili chete mpaka kugalimoto. Usiku umenewo ndidawasambitsa Agogo ngati masiku onse, koma manja anga adali olemera. Ndinkadzifunsa kuti kodi miyezi yonseyi ndakhala ndikuombera m'manja chiyani? Komanso ndinkadziwa kuti nkhalamba ili patsogolo pangayi sidabaye munthu ku Ulundi. Idabadwa patapita zaka zoposa 50. Idangolandira nkhani monga momwe idaperekedwera, mbali yowala ili pamwamba. Ndipo lupanga la apakavalo silidadye akunja okha. Pa 16 Ogasiti 1819 ku Manchester, apakavalo adalowa m'khamu la anthu wamba amene adasonkhana kupempha ufulu wovota, n'kupha oposa 10 ndi kuvulaza mazana. Tsiku limenelo sililembedwa pa mbendera ya gulu lililonse.

Agogo adaona kuti bakha wawo sakulankhula. Adandifunsa ngati kwathu kudaliko asilikali a pa akavalo. Ndidawauza kuti ayi, madera ambiri a kwathu kudali kashembe, ntchentche imene imapha akavalo ndi ng'ombe. Pa nkhondo yoyamba ija, imene makolo athu adaitcha nkhondo ya Chiwaya, ziweto zimene azungu adabweretsa kummawa kwa Africa zidafa zikwizikwi. Ntchito imene ku Ulaya inkagwiridwa ndi akavalo ndi nyulu, kwathu idagwa pa mitu ya anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland adatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo mtunda wautali, ambiri mokakamizidwa. Ndidawauza kuti mmodzi mwa iwo adali bambo wa agogo anga aakazi, amene adatengedwa agogowo ali kumsana ndipo sadabwererenso.

Agogo adawongoka pampando monga ankachitira akamva za msilikali. "Adali gulu liti?" Ndidati adalibe gulu, adalibe baji, adalibe nambala imene ife timaidziwa. Adakhala chete pang'ono, kenaka adafunsa, "Dzina lawo adali ndani?"

Awerengi anzanga, ndidangoti kakasi. Ndidatsegula pakamwa koma simudatuluke kanthu. Agogo anga ankangoti "abambo anga adapita ku Chiwaya", ndipo ine, mphunzitsi wa mbiri yakale amene ndinkaloweza ana za Bismarck ndi Napoleon, sindidafunsepo dzina. Munthu wodwala matenda oiwala ankatchula maina a anthu a mu 1854, pamene ine wamutu wabwinobwino sindinkadziwa dzina la kholo langa la dzulodzuloli. Mkwiyo umene ndidachoka nawo ku Thoresby udasanduka manyazi.

Sindikunena kuti vuto lonse ndi langa. Ku London, pa msewu wa Park Lane, pali chipilala chimene chidatsegulidwa mu 2004 chokumbukira nyama zimene zidafa pankhondo, ndipo pali zosema za nyulu ziwiri zitasenza katundu, kavalo ndi galu. Ndidapitako ndipo ndidazimvera chisoni nyamazo, pakuti sizidasankhe nkhondo. Koma mu 2021 bungwe loyang'anira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo Aafirika ndi ena osakhala azungu, amene adafa potumikira Britain pa nkhondo yoyamba ija, sadakumbukiridwe ndi maina awo monga adachitira ndi azungu. Boma la Britain lidapepesa m'nyumba ya malamulo. Amene ankasunga mabuku adasankha oti alembedwe ndi oti asiyidwe. Komabe dzina la kholo langa silidali m'buku la mzungu lokha. Lidali pakamwa pa agogo anga kwa zaka zonse zimene ndinkadya nawo nsima m'mbale imodzi.

Loweruka lotsatira ndidaimba foni kumudzi. Amayi adati iwo sakukumbuka bwino, ndifunse amayi aakulu, amene panthawiyo adali atapitirira zaka 80. Mdzukulu wawo adawapititsira foni pakhonde. "Amayi aakulu, ndimafuna ndidziwe dzina la agogo anu aja adapita ku Chiwaya." Kudali zii kwa kanthawi, moti ndidayesa foni yaduka. Kenaka adalitchula, dzina ndi mfunda womwe, n'kuwonjeza kuti adali wamanzere, wodziwa kufula mkuwa wa zibangili [ndi kusoka zikopa], ndiponso kuti mkazi wawo adakana kumeta maliro kwa zaka zitatu poyembekeza kuti abwera. Pomaliza adati, "Mwana wanga, ukadachedwa pang'ono ukadalipeza nditapita nalo." Ndidalilemba m'kope, ndipo ndidalitumiza kwa ana anga ndi kwa abale onse amene ndili ndi nambala zawo.

Lolemba m'mawa ndidawauza Agogo dzinalo. Adayesa kulitchula, lilime lidakana, tidaseka tonse. Kenaka adatenga chipewa chija, adachivala, adakweza dzanja pachipumi n'kuchitira sawatcha munthu amene sadamuonepo. Pofika masana adali ataiwala zonse. Ine sindidaiwale.

Agogo adatisiya m'nyengo yozizira, kumayambiriro kwa 2024. Ku maliro kudabwera nkhalamba zinayi zovala mabaji a chigaza. Sizinkawadziwa, zidangomva kuti wa gulu lawo wagona, ndipo zidakwera basi kudzaima pambali pa bokosi. Ndidaziyang'ana ndi mitima iwiri. Ndinkadziwa zimene mikondo ya gulu lawo idachita ku Ulundi, ndipo sindidzaombanso m'manja ndikamva za ulemerero wa pankhondo osafunsa kuti kunsonga kwa mkondoko kudali ndani. Koma ndidasiriranso mwambo wawo wosalola munthu wawo kupita ngati sadakhaleko.

Akavalo ankhondo adatha. Ena mwa amene atsala ndi a Household Cavalry, oyenda pa zionetsero za mfumu ku London, alendo n'kumawajambula. Chimene Angerezi adasunga ndi maina, ndipo adawasunga chifukwa adaika anthu, masiku ndi nyumba zoti ziziwasunga. Ife tidasiyira ntchito imeneyi nkhalamba za pakhonde, ndipo nkhalambazo zikutha. Ndikadzapita kumudzi ndidzatenga kope lija, ndidzakhala pamphasa ndi amayi aakulu ngati Mulungu adzakhale atawasunga, ndipo tidzayamba kuchokera pa wamanzere uja kutsika m'munsi mpaka kwa ana anga.